Momwe mungayendere myuziyamu ya Picasso ku Paris osatulukamo mutu uli zweee

Myuziyamu ya Picasso ya ku Paris inatsekedwa mu 2009 kuti ikonzedwe, ndipo ntchitoyo inachedwa mobwerezabwereza mpaka zitseko zinadzatsegulidwanso pa 25 Okutobala 2014, tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwini zithunzi, Pablo Picasso, wojambula wotchuka wa ku Spain. Maofesi anawasamutsa, malo oonetsera anakula kwambiri, ndipo ngakhale zipinda za pansi pa denga, zomwe mitanda yake yamatabwa ili poonekera, tsopano anthu amalowamo. Mu Malichi 2024 anasanjanso zithunzi mwatsopano. Choncho amene anapitako kale adzaipeza itasintha, ndipo amene akupita koyamba ndi bwino adziwiretu kuti nyumbayi ndi ya mtundu wanji.

Choyamba, dziwani zimene muli komanso zimene mulibe

Ambiri amafika pakhomo akufunsa Guernica, chithunzi chachikulu cha 1937 chija cholira tauni yomwe inaphulitsidwa ndi ndege pa nkhondo ya ku Spain. Mulibe. Chili ku Madrid, ku Museo Reina Sofía. Les Demoiselles d'Avignon cha 1907 chili ku New York. Wofuna zithunzi zotchuka zokhazokha akhoza kutuluka akung'ung'udza.

Chuma cha nyumbayi chinabwera mwanjira yake. Pablo Picasso anabadwira ku Málaga mu 1881, anakhazikika ku Paris mu 1904, n'kumwalira pa 8 Epulo 1973 osasiya wilo. Msonkho wa chuma chamasiye unali waukulu zedi. Koma France inali ndi lamulo la 1968 lolola abale a womwalira kulipira msonkho wotere ndi zojambula m'malo mwa ndalama. Mu 1979 boma linasankha lokha pa zomwe mkuluyu anasiya m'nyumba zake: zithunzi za penti zoposa 200, ziboliboli zoposa 150, ndi zojambula zapapepala zikwizikwi. Zina zinawonjezeredwa mu 1990, mkazi wake womaliza Jacqueline atamwalira. Lero zonse pamodzi zimaposa 5,000.

Ndiye kuti mukaona zomwe Picasso sanafune kugulitsa. Mlimi amagulitsa chimanga, koma ngala zambewu amazipachika m'khitchini. Nyumbayi ndi ya ngala zambewuzo. Muli zoyeserera, zosamaliza, zithunzi za ana ake, ndi tinthu tomwe ankabwererako akafuna kuyamba njira yatsopano. Kwa ine ichi ndiye chifukwa chopitira, ndipo chimasintha kayendedwe konse ka m'katimo.

Chachiwiri, mapepala ndi ulendo

Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera France ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya, ngakhale kwa amene akukhala ku Britain, chifukwa chiphaso cha kumeneko sichilowetsa munthu ku France. Fomu imayambira pa webusayiti ya France-Visas, ndipo imakuuzaninso kokapereka mapepala malinga ndi dziko lomwe mukukhala. Mtengo wa viza ya wamkulu unafika pa mayuro 90 mu 2024. Amafunanso inshuwalansi ya paulendo ya mayuro 30,000, ndi pasipoti yomwe idzakhale ikugwirabe ntchito miyezi itatu mutatuluka. Mukhoza kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, choncho palibe chifukwa chodikira sabata yomaliza.

Kuchokera ku Lilongwe kapena Blantyre palibe ndege yolunjika ku Paris; mumasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Wa ku London amakwera sitima ya Eurostar pa siteshoni ya St Pancras, maola awiri ndi kanthu wafika pa siteshoni ya Gare du Nord ku Paris.

Chachitatu, tikiti ndi tsiku

Samalani pogula pa intaneti. Mamyuziyamu a Picasso alipo angapo: ku Barcelona, ku Málaga, ku Antibes. Yomwe mukufuna ndi Musée national Picasso-Paris, pa 5 rue de Thorigny. Gulani pa webusayiti yake yeniyeni, pomwe mudzaonenso mtengo ndi maola a nyengoyo, ndipo musankhe ola lolowera. Mawebusayiti ena amagulitsa tikiti yomweyo atawonjezerapo zawo.

Lolemba amatseka. Amatsekanso pa 1 Januwale, 1 Meyi ndi 25 Disembala. Ana osakwana zaka 18 salipira. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse aliyense amalowa ulere, koma ulerewo mumaulipira ndi mzere komanso kuthithikana m'zipinda zomwe zina ndi zazing'ono. Ngati thumba likulola, pitani pakati pa sabata, m'mawa akangotsegula. Onaninso ngati pali chionetsero chapadera pa nthawiyo, poti zithunzi za m'nyumbayi zimabwerekedwa kawirikawiri ndi mayiko ena, ndipo zapapepala amazisinthasintha kuti kuwala kusaziwononge. Ngati mwanyamukira chithunzi chimodzi chokha, alembereni kaye kufunsa ngati chili pakhoma.

Chachinayi, kupeza khomo

Myuziyamuyi ili m'dera la Marais, la timisewu topapatiza tokhotakhota. Kuchokera pa Gare du Nord kwerani Metro, sitima ya pansi pa nthaka, nambala 5 mpaka République, musinthe mukwere nambala 8, mutsike pa Saint-Sébastien-Froissart. Kuchokera pa bwalo la ndege la Charles de Gaulle kwerani sitima ya RER B mpaka Châtelet-Les Halles, kenako Metro nambala 1 mpaka Saint-Paul, komwe kwatsala n'kuyenda wapansi mphindi khumi. Foni ikhale m'thumba lakutsogolo, opisa m'matumba m'sitimamo sachita nthabwala.

Pakhomo amayang'ana m'zikwama. Sutikesi yaikulu salola, ndiye isiyeni kogona. Chikwama cha kumsana ndi jekete muzisiye kosungira katundu. Ndipo musanafunse kanthu kwa wogwira ntchito aliyense, yambani ndi Bonjour. Afalansa amaona ngati mwano kuyamba nkhani osapereka moni.

Chachisanu, imani kaye pa masitepe

Nyumbayi imatchedwa Hôtel Salé, kutanthauza nyumba yamchere. Inamangidwa pakati pa 1656 ndi 1659, ya Pierre Aubert, munthu yemwe analemera chifukwa chotolera msonkho wa mchere m'malo mwa mfumu. Masitepe ake aakulu, okhala ndi zosemasema mpaka kudenga, ndi ena mwa okongola kwambiri mu Paris monse, koma anthu amawadutsa akuthamangira zithunzi. Kwezani maso. Nyale zolenjekeka, mipando ndi mabenchi ena anapanga ndi Diego Giacometti pokonzekera kutsegula koyamba mu 1985.

Chachisanu ndi chimodzi, sankhani zochepa ndipo muzichedwepo

Apa ndiye pagona nkhani. Maso amatopa msanga kuposa miyendo. Mukayesa kuwerenga kachikwangwani kalikonse, pofika pakati zonse zidzakhala zikuoneka chimodzimodzi. Chitani chonchi: yendani nsanjika imodzi mwachangu osaima, muone zomwe zakukokani, kenako mubwerere pa ziwiri kapena zitatu. Pa chilichonse yang'anani kaye musanawerenge dzina. Imani patali, sendererani pafupi mpaka muone momwe burashi inadutsira, kenako mubwererenso m'mbuyo.

Yambani ndi chithunzi chomwe anadzijambula yekha kumapeto a 1901. Anali ndi zaka 20, koma wadzipatsa masaya olowa ndi chikhoti chakuda chotseka mpaka m'khosi, kumbuyo kuli buluu yekhayekha. Chaka chomwecho mnzake wapamtima Carles Casagemas anali atadziwombera chifukwa cha chibwenzi, ndipo buluu ameneyu anamukakamira mpaka 1904, chaka cha La Célestine, mayi wa diso limodzi loyera. Amene amati Picasso ankapotoza nkhope chifukwa cholephera kujambula aime pa ziwirizi kaye.

Kenako funani kachithunzi kozungulira ngati dzira ka 1912, Nature morte à la chaise cannée. N'kakang'ono, mukhoza kukadutsa. M'malo mojambula mpando wolukidwa, anatenga nsalu ya m'sitolo yodindidwa kale maluko a mpando n'kuimata pachithunzi, m'mphepete n'kuzunguliza chingwe chenicheni. Lero mwana wasukulu aliyense amamata mapepala pachithunzi, koma nthawi imeneyo chinali chinthu chachilendo kotheratu, ndipo kuchokera apa ojambula anayamba kufunsa ngati penti ndi yofunikadi nthawi zonse.

Paul en Arlequin cha 1924 ndi mwana wake woyamba atavala za zisudzo, atatsamira pampando. Nkhope anaimaliza mosamala, koma yang'anani pansi: miyendo ya mpando ndi mapazi zatsala mizere chabe, ndipo pakuoneka mzere wa mwendo wina womwe anaganiza kenako n'kuusiya. Wogula akanati ntchito sinathe. Bambo ake anachisunga moyo wonse.

Ziboliboli ndizo ndimazikonda kuposa zonse, ndipo n'zimene mamyuziyamu ena alibe zochuluka chonchi, poti mwini wake sankafuna kusiyana nazo. Tête de taureau cha 1942 ndi mutu wa ng'ombe yamphongo wopangidwa ndi zinthu ziwiri basi: chishalo cha njinga ndi mahandulo ake. Anachipanga Paris ili m'manja mwa asilikali a Germany, zipangizo zikusowa. Mukachiyang'ana mumaona ng'ombe, kuphethira kamodzi mwaona njinga, ndipo palibe chimene chimagonja. La Chèvre cha 1950 ndi mbuzi ya bere yomwe anaiumba ku Vallauris ndi zotola kudzala: mimba ndi dengu, msana ndi tsamba la kanjedza, mawere ndi timitsuko tadothi. Palinso nyani wonyamula mwana, wa 1951, yemwe mutu wake ndi tigalimoto tiwiri toseweretsa ta Claude, mwana wa Picasso, kena kogadamitsa. Zungulirani chiboliboli chilichonse mbali zonse. Kugwira ayi, ngakhale dzanja lichite kuyabwa.

Kujambula ndi foni amalola bola muzimitse fulashi. Koma jambulani pomaliza, mutayang'ana kale. Dziwaninso kuti zithunzi za anthu ali maliseche zilimo zambiri, makamaka za zaka zake zomaliza, ndipo zina sizibisa kanthu. Ngati muli ndi ana kapena apongozi, mmodzi atsogole kukasuzumira chipinda.

Chachisanu ndi chiwiri, musadumphe nkhani ya akazi

Mu 1937 anajambula Marie-Thérèse Walter ndi Dora Maar, aliyense atakhala pampando, ndipo zithunzi zonse ziwiri ndi za nyumbayi. Marie-Thérèse mizere yake ndi yofewa ndi mitundu yozizira, Dora Maar ngodya zakuthwa ndi zikhadabo zofiira. Luso lake silikanika, koma dziwani zomwe zili kuseri. Anali nawo onse awiri nthawi imodzi, ukwati wake ndi Olga Khokhlova usanathe. Marie-Thérèse anakumana naye mu 1927 ali ndi zaka 17, iye ali ndi 45. Dora Maar anali katswiri wa kamera payekha, ndipo ndiye anatola zithunzi za Guernica ikupangidwa, koma kwa zaka zambiri ankangotchulidwa ngati nkhope ya m'zithunzi za mwamuna.

Posanja mwatsopano mu 2024, myuziyamu inapereka chipinda kwa Françoise Gilot, mayi a Claude ndi Paloma, yemwe anamusiya Picasso mu 1953 n'kupitiriza kujambula mpaka anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 101. Anamuonetsa ngati wojambula, ndi zithunzi zake zomwe. Anachedwa nazo, koma anachita bwino. Munthu akhoza kukonda zithunzi za Picasso popanda kumuikira kumbuyo pa khalidwe.

Chachisanu ndi chitatu, zomwe iye ankatolera

Picasso ankasunganso ntchito za anzake ndi za omutsogolera: Cézanne, Matisse, Renoir, Henri Rousseau, Modigliani. Pakati pa zimenezi pali zigoba ndi zosema za ku Africa, monga chigoba chachikulu chonyamula pamapewa cha anthu a Baga a ku Guinea, ndi cha anthu a Grebo cha maso otuluka ngati timapaipi. Mu 1907 anakalowa m'myuziyamu ya Trocadéro ku Paris momwe munali zinthu zobwera nazo kuchokera kumayiko a atsamunda, ndipo nkhope za m'zithunzi zake zinasintha chaka chomwecho. Mukaona maso a chigoba cha Grebo, dziwani za gitala yomwe anapanga ndi makatoni mu 1912, yomwe bowo lake analitulutsa kunja ngati kapaipi m'malo molilowetsa m'kati.

Werengani tizikwangwani ta zigobazi. Pali dzina la mtundu wa anthu ndi dziko, koma dzina la wosema palibe, chifukwa otolera a nthawiyo sankalifunsa. Picasso anatenga maonekedwe a kunja, pomwe kwa eni ake chigoba chimakhala ndi moyo chikavalidwa pa mwambo, ng'oma ikulira. Wokulira pafupi ndi bwalo la Gule Wamkulu safunika kumufotokozera zimenezi.

Mukatuluka

Maola awiri kapena atatu ndi okwanira. Pamwamba pali kakhefi ngati mwamva njala, ndipo Place des Vosges, pomwe mungakhale pabenchi kupumitsa miyendo, ndi pafupi. Musée Carnavalet, ya mbiri ya mzinda wa Paris, ili m'dera lomwelo. Nayo inakonzedwa n'kutsegulidwanso mu 2021, ndipo zipinda zake zanthawi zonse amalowa ulere. Koma ngati zigoba zija zakusiyani ndi mafunso, sungani mphamvu za tsiku lotsatira mukapite ku Musée du quai Branly pafupi ndi Eiffel Tower, komwe kunasamukira zambiri za zinthu za ku Trocadéro zija pomwe inkatsegulidwa mu 2006. Nayonso Lolemba imatseka.