Muli ndi shuga ndipo nkhama zikutuluka magazi? Musanamizire mswachi

Ambiri mukalavula magazi potsuka mkamwa mumangoti mswachi walimba, kenako mbali yowawayo mumayilambalala osatsukanso. Apa nde mukuonjezera vuto, makamaka inu a shuga. Magaziwo ndi chiseyeye chikuyamba. Pamzere pamene dzino lakumana ndi nkhama pamamata tinthu toyera tofewa todzadza ndi tizilombo, tikakhalitsa timauma gwa ngati simenti moti mswachi suchotsanso olo mukhule bwanji. Nkhama zimafiira, zimatupa, zimayamba kulekana ndi dzino nkusiya kadzenje, pansipo fupa logwira dzino likudyeka mwakachetechete, ululu palibe. Munthu amadzadzidzimuka dzino likugwedera, mkamwa mukununkha olo watsuka kumene.

Shuga akamangokhala wokwera asilikali a m'thupi amafooka, malovu amachepa, mabala amachedwa kupola, nchifukwa chake chiseyeye chimagwira odwala shuga kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi anthu ena. Koma mbali imene ambiri sauzidwa ndi yakuti chiseyeyecho nachonso chimakweza shuga. Thupi likamalimbana ndi tizilombo ta m'nkhamamo limatulutsa timadzi toyambitsa kutupa, madokotala amati ma cytokines, ndipo timeneti sitikhala mkamwa mokha ayi timalowa m'magazi nkuzungulira thupi lonse, nde insulin, timadzi totsitsa shuga m'magazi, amalephera kugwira ntchito bwinobwino. Metformin mukumwa mokhulupirika, nsima mwachepetsa mpaka mtanda umodzi, tiyi wopanda shuga, Sobo munasiya kalekale, koma mukapita ku kiliniki nambala ikungokana kutsika. Nthawi zina chikukoka shugayo chili mkamwa.

Mu 2022 a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana anapeza kuti kuchiza chiseyeye kumatsitsa HbA1c, muyezo uja wa shuga wa miyezi itatu, ndi pafupifupi 0.4 pakatha miyezi itatu kapena inayi. Ikuoneka yaing'ono eti, koma kwa munthu amene akulimbana kuti atsike kufika pa 7, mulingo umene madokotala amafuna kwa odwala shuga ambiri, siyamasewera. Mankhwala anu musasiye, izi ndi zongothandizira.

Nde pangani izi. Mswachi gulani wofewa, tsukani kawiri patsiku mphindi ziwiri, usiku musanagone nde wofunika kwambiri, mankhwala otsukira akhale a fluoride, kaya Colgate kaya mtundu wina bola chubu chalembedwa fluoride. Mswachi upendeke kuloza kunkhama, pukutani mozungulira pang'onopang'ono, pamene pakutuluka magazi pomwepo nde pofunika kutsuka. Mukamaliza lavulani basi osachukuchanso ndi madzi. Makala, phulusa ndi mchenga zisiyeni, zimapala dzino nkuvulaza nkhama. Madzi ofunda amchere amaziziritsa ululu, inde, koma zouma zija sachotsa. Osuta fodya inu nkhama zanu mwina sizitulutsa magazi nkomwe, musanyadire, fodya amabisa chizindikirocho matenda akupitirira.

Chimandidandaulitsa nchakuti kuno ku Blantyre kwa dokotala wa mano timapita tsaya litatupa kale, pofika kumeneko chatsala nkuzula basi. Ena amangogula amoxicillin kapena Flagyl pamsika, mafinya aphwa sabata imodzi, mwezi wamawa abweranso. Ku Queens kuli mbali ya mano, mukhoza kuyambira pa chipatala chanu chaching'ono kaya Ndirande, Zingwangwa kapena Limbe akutumizeni, mukapemphe kuti akuoneni nkhama ndi kupala zoumazo, iwo amati scaling. Kamodzi pachaka olo palibe chikuwawa.

Tsiku lopitalo idyani kaye, imwani mankhwala anu mwanthawi zonse kuopa shuga kutsika muli pamzere, tengani buku lanu la kuchipatala ndipo muwauze msanga kuti muli ndi shuga asanakugwireni mkamwa. Akakuzulani dzino bala likachedwa kupola kapena mwayamba kutentha thupi, bwererani osadikira. Nawonso a ku kiliniki ya shuga auzeni za nkhamazo, alembe m'bukumo.