Sikiripiti izisesa yokha pamene yagwirira ntchito

Anzanga amene mumayang'anira maseva, tiyeni tikambirane za zinyalala zimene masikiripiti a cron (pulogalamu imene imayendetsa ntchito pa nthawi zoikika) amasiya. Sikiripiti imene imayenda mphindi zisanu zilizonse n'kumasiya kafayilo kamodzi mu /tmp (foda ya mafayilo osakhalitsa), pa tsiku yasiya timafayilo 288. Chaka chikamatha tapitirira 105,000. Palibe amene amationa tikuunjikana, mpaka tsiku lina m'mawa database yakana kulemba, uthenga uli "No space left on device".

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mukayang'ana ndi df -h, lamulo loonetsa malo otsala pa disiki, mupeza disiki ikadali ndi malo ochuluka. Musaime pomwepo, yang'ananinso ndi df -i, imene imaonetsa ma inode otsala. Fayilo iliyonse, ngakhale yopanda kanthu m'kati, imatenga inode imodzi (kamalo kosungira mbiri ya fayiloyo), ndipo pa ext4 (njira yosungira mafayilo pa disiki mu Linux) chiwerengero cha ma inode chimaikidwa pamene disikiyo ikukonzedwa. Akatha atha, fayilo yatsopano singalembeke ngakhale malo alipo.

Mankhwala ake ali m'sikiripiti momwemo. Poyamba penipeni pangani foda yogwiriramo ntchito ndi mktemp -d, dzina lake mulisunge mu d, ndipo mzere wotsatira ukhale trap 'rm -rf "$d"' EXIT, umene umauza sikiripiti kuti ifufute fodayo potuluka. Mukatero, sikiripiti ikamaliza bwino kapena ikalephera panjira, imachotsa zake isanatuluke. Mzerewu musauike kumapeto, chifukwa ikagwera pakati sidzafikako. Ine sikiripiti yopanda mzere umenewu sindiilola kulowa mu crontab, mndandanda wa ntchito za cron.

Komabe trap siithandiza magetsi akazima mwadzidzidzi kapena wina akapha sikiripitiyo ndi kill -9, lamulo loimitsa pulogalamu mokakamiza. Pamafunika tsache lachiwiri. Pa makina ambiri a Linux, pulogalamu ya systemd-tmpfiles imachotsa za mu /tmp zimene zakhala masiku 10 osakhudzidwa, ndi za mu /var/tmp pakatha masiku 30, ngakhale ena amasintha masikuwa, choncho onani mmene zilili pa seva yanu. Koma ngati sikiripiti imalemba m'foda yakeyake, palibe amene akusesako. Kumeneko ikani find yokhala ndi -mtime +7, yofufuza mafayilo amene akhala osasinthidwa kupitirira sabata, iziyenda usiku uliwonse.

Chonde, ulendo woyamba iyendetseni ndi -print, muwerenge mndandandawo ndi maso anu, kenako n'kuikapo -delete. Mukalakwitsa dzina la foda, idzasesa ndi mafayilo a ntchito omwe, ndipo zofufutidwa motero sizipita m'bini iliyonse yoti mukazitolemo.