Kusintha nokha soketi yakupsa

Mufunika soketi yatsopano ya mphamvu yofanana ndi yakale, sikuludiraiva yokutidwa ndi pulasitiki, ndi tesita (kachipangizo koonera ngati waya uli ndi moto wamagetsi). Kukoka mawaya atsopano musakuyese. M'mayiko ambiri lamulo limafuna mmisiri wachiphaso pa ntchito imeneyo.

1. Yesani tesita pa soketi yomwe ikugwira ntchito, muone kuti tesitayo ndi yamoyo.
2. Zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu, osati pakhoma pokha.
3. Tsegulani soketiyo, mugunditse tesita pa waya uliwonse kuti mutsimikize kuti ulibe moto. Ambiri amapwetekera pano: amaganiza kuti azimitsa, chonsecho waya wina udakali ndi moto.
4. Jambulani mawaya musanamasule.
5. Bwezerani mawaya pa soketi yatsopano monga pachithunzi, wamoto pa chilembo L, nyutirolo (wobwerera magetsi) pa N, wa ethi (woteteza) pa E. Mangani zolimba, waya wogwedera ndiwo umatentha.
6. Tsekani, yatsani. Breaker (swichi ya pa bokosi lalikulu yozimitsa yokha magetsi) ikagwa, itanani mmisiri.