Kukonza fulashi yoyatsira kompyuta pa Linux

Kompyuta ikakana kuyaka chifukwa pulogalamu yoiyendetsa yawonongeka, kapena mukafuna kuika Ubuntu, mtundu wina wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta yotchedwa Linux, pa laputopu ina, pamafunika fulashi yoti kompyutayo iyakire. Pezani ya 8 GB kapena kuposerapo, ndipo musamutse kaye zonse zimene zili m'menemo chifukwa zidzafufutika. Mafulashi ena otchipa kwambiri ogulitsidwa m'misewu ya mu Lilongwe muno amalembedwa kukula kumene alibe, choncho ndi bwino kugula m'sitolo yodalirika.

Pa kompyuta imene ikugwira ntchito, tsitsani pa ubuntu.com fayilo ya ISO, yomwe imakhala ndi Ubuntu yense woti aikidwe pa fulashi. Ya Ubuntu 24.04 LTS, yomwe inatuluka mu Epulo 2024, ndi pafupifupi 6 GB, ndipo popeza imadya bandulo yambiri komanso netiweki imatha kuduka pakati, musathamangire kuigwiritsa ntchito musanatsimikize kuti yafika yathunthu. Tsekulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, lembani sha256sum motsatana ndi dzina la fayiloyo, kenaka yerekezani zimene zatuluka ndi zolembedwa mu fayilo ya SHA256SUMS pa releases.ubuntu.com. Zikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, tsitsaninso.

Poika ISO pa fulashi, amene ali kale pa Ubuntu akhoza kutsekula pulogalamu ya Startup Disk Creator, n'kusankha ISO ndi fulashi, basi.

Pa Linux ya mtundu wina uliwonse pali lamulo la dd, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri, chifukwa dd safunsa kawiri. Lembani lsblk musanalowetse fulashi, ndiponso mutailowetsa; dzina latsopano limene laoneka, monga sdb, ndilo la fulashi yanu. Onaninso kukula kwake kuti mutsimikize. Kawirikawiri sda kapena nvme0n1 ndi disiki ya kompyuta yanu, ndipo mukalemba dzina limenelo molakwitsa, zithunzi, makalata ndi ntchito zanu zonse zidzawonongeka. Mukatsimikiza, lembani sudo umount /dev/sdb1, kenaka:

sudo dd if=ubuntu.iso of=/dev/sdb bs=4M status=progress conv=fsync

M'malo mwa ubuntu.iso muike dzina lenileni la fayilo yanu, ndipo m'malo mwa sdb muike dzina la fulashi yanu m'malamulo onse awiri; pa lamulo la dd mulembe dzinalo popanda nambala, monga sdb, osati sdb1. Musazule fulashi mpaka ntchito itatha. Ine ndimalangiza kugwiritsa ntchito laputopu yodzaza batire, chifukwa magetsi akathima pakati muyenera kuyambiranso.

Pomaliza lowetsani fulashi mu kompyuta imene mukufuna kukonza, ndipo ikangoyamba kuyaka dinani F12 ngati ili Dell kapena F9 ngati ili HP. Sankhani fulashiyo pa mndandanda, kenaka "Try or Install Ubuntu", ndipo muyese kaye ngati Wi-Fi ikugwira ntchito komanso ngati mawu akumveka musanaganize zoika Ubuntu pa disiki.