Mmene kochi angazindikirire wosewera wa pakoleji amene wakodwa m'gulu la zigawenga

Ku America, achinyamata ena amene amatengedwa kukasewera mpira m'makoleji amachokera m'madera momwe magulu a zigawenga ali ndi mizu, monga Compton ndi kummwera kwa Los Angeles, kwawo kwa magulu otchedwa Crips ndi Bloods.

Musanamulembe mnyamata, pitani kwawo. Lankhulani ndi kochi wake wa kusekondale, makolo, ndiponso apolisi a m'deralo. Mafomu okha sanena zonse.

Kenako phunzirani zizindikiro. A Crips amadziwika ndi mtundu wa buluu, a Bloods wofiira. Nambala 13 yodindidwa pathupi imakhudzana ndi gulu lina la zigawenga lotchedwa Sureños, pomwe 14 ndi ya gulu la Norteños. Yang'ananinso zithunzi zake pa Instagram, makamaka mmene amapindira zala posonyeza chizindikiro cha gulu. Komatu chenjerani: chipewa chofiira si umboni. Kochi akhoza kulakwitsa pomwepa, n'kumuweruza mwana chifukwa cha dera lomwe anabadwira. Chodetsa nkhawa kwenikweni ndi zinthu zikaphatikizana: ndalama zosadziwika kochokera, alendo ogona m'chipinda chake pafupipafupi, ndi kujomba kokonzekera masewera.

Mukakayikira, muyitaneni pambali, osati pamaso pa anzake. Kungomuthamangitsa kumam'bwezera kwa zigawenga zomwe zija. M'pezereni mlangizi, ndipo nthawi ya tchuthi, imene angabwerere ku zakale, mukonzereni ganyu kapena maphunziro pakoleji pomwepo. Ngati ali wa ku Los Angeles, bungwe la Homeboy Industries limafufuta zidindo zapathupi kwaulere.