Momwe mungawerengere zilembo ndi manambala a pa thumba la feteleza

Alimi ambiri timagula feteleza pongotchula kuti wokulitsa kapena wobereketsa, pomwe zenizeni za chimene chili m'katimo zinalembedwa pathumba pomwepo, m'zilembo ndi manambala amene timangowadumpha. Musanalipire, tembenuzani thumbalo ndipo muyambe ndi zilembo zitatu za NPK.

N akuimira nayitrojeni, mchere umene umabiriwiritsa masamba ndi kukulitsa mbewu. Ukasowa, masamba a m'munsi mwa chimanga amachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wapakati. P ndi fosiforasi, amene amathandiza mizu kukhazikika, ndipo chimanga chanthete chikamusowa masamba ake amafiirira m'mbali. K ndi potaziyamu, wolimbitsa phesi ndi kuthandiza mbewu kupirira matenda. Pathumba lina mupezanso S, kutanthauza salifa, ndi Zn, kutanthauza zinki, mchere umene mbewu imaufuna pang'ono chabe koma ukasowa masamba aang'ono amatuluka ndi mizere yoyera.

Manambala ndiwo amasokoneza anthu, ngakhale kuti lamulo lake ndi limodzi: nambala iliyonse ikunena kuchuluka kwa mcherewo pa makilogalamu 100 alionse a feteleza, motsata ndondomeko ya zilembozo. Tengani chitsanzo cha 23:10:5+6S+1Zn, amene amagulitsidwa kwambiri m'Malawi muno. Nambala yoyamba, 23, ndi ya nayitrojeni, 10 ndi ya fosiforasi, 5 ndi ya potaziyamu. Popeza thumba limalemera makilogalamu 50, gawani nambalayo pawiri, ndipo mudzaona kuti muli nayitrojeni wokwana makilogalamu 11.5. Feteleza wa 23:21:0+4S, amene ambiri tinamuzolowera kale, ali ndi ziro pamalo achitatu, kusonyeza kuti mulibe potaziyamu ngakhale pang'ono. Ine ndimaona kuti ziro ameneyu ndi wofunika kumuyang'anitsitsa kuposa manambala ena onse, chifukwa ndiye amakuuzani chimene munda wanu sulandira.

Yureya ali ndi nayitrojeni yekha, magawo 46 pa 100, kotero thumba limodzi lili ndi makilogalamu 23. N'chifukwa chake amatchedwa wobereketsa ndipo amathiridwa chimanga chitakula pang'ono, patapita pafupifupi milungu itatu chiyikireni wokulitsa. Musamusiye pamtunda, pakuti nayitrojeni wake amauluka ngati mpweya. Boolani kadzenje ndi kamtengo masentimita pafupifupi 10 kuchokera paphando, thirani, kenako kwirirani dothi likadali lachinyezi. Feteleza wina wotchedwa CAN nayenso ndi wobereketsa, koma nayitrojeni wake ndi wocheperapo kuposa wa yureya, motero muyeso wake sungafanane.

Mukakumana ndi chilembo chachilendo, chikopereni papepala monga momwe chalembedwera, kapena jambulani thumbalo pafoni, n'kukamuonetsa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, ndipo mumuuzenso mbewu imene mukufuna kubzala ndi mtundu wa dothi la m'munda mwanu.