Trigonometry iyambire pa rula ndi mlongoti wa mbendera

Aphunzitsi anzanga a masamu, tsiku loyamba trigonometry ku Fomu 3 musafulumire kulemba pa bolodi SOHCAHTOA, chidule chija chokumbukirira sine, cosine ndi tangent. Ana amaloweza ngati nyimbo ya Sande sukulu, koma mukangotembenuza triangle, sadziwanso kuti opposite ndi iti, adjacent ndi iti.

Ine ndimayamba ndi rula ndi protractor. Gulu lililonse lijambule triangle yokhala ndi ngodya ya 90° ndi ina ya 30°, kukula kwake asankhe okha. Ayeze mbali yoyang'anizana ndi 30° ija, agawe ndi mbali yaitali kuposa zonse. Amene ajambula kakang'ono ndi amene adzaza pepala lonse apeza yankho lofanana, pafupifupi 0.5. Asiyeni akangane kaye kuti zatheka bwanji, musawalanditse msanga. Akatopa m'pamene muwauze kuti nambala imeneyi ndiye sine wa 30°. Cosine ndi tangent zimalowa mosavuta pambuyo pake.

Tsiku lotsatira tulukani nawo panja. Tengani bolopeni yotha inki, chotsani zam'kati, imatireni m'mphepete mowongoka mwa protractor, ndipo pakati penipeni pa mphepeteyo mangani ulusi wolendewera kamwala. Mwana mmodzi aime mamita 10 kuchokera pa mlongoti wa mbendera, asuzumire nsonga yake kudzera m'bolopenimo, mnzake awerenge pomwe ulusi wagwera. Kusiyana kwa nambalayo ndi 90 ndiye angle of elevation, ngodya imene maso akwezera kuti aone nsongayo. Tinene kuti apeza 35°. Tan 35° ndi pafupifupi 0.7, kuchulukitsa ndi mtunda uja wa mamita 10 tipeza kutalika kwa mamita 7.

Apa ndi pamene ambiri amagwa, choncho khalani chete muone ngati wina azindikire yekha. Mamita 7 aja ayambira m'maso mwa woyezayo, osati pansi. Ngati maso ake ali mamita 1.5 kuchokera pansi, mlongotiwo ndi wa mamita 8.5. Amene wavutikapo ndi zimenezi padzuwa sasowa poyambira kujambula akakumana ndi funso la nsanja kapena mtengo pa mayeso a MSCE.

Musanabwerere m'kalasi, aliyense alembe sin 30 pa calculator yake. Ikaonetsa 0.5 ili bwino. Ikaonetsa −0.988 ndiye kuti ili pa RAD (ikuwerenga ngodya m'ma radian), aibwezere pa DEG (ma degree) pomwepo. Ma calculator obwerekana aja ndi amene amavuta kawirikawiri.